Muyeso wa Nyimbo Yopambana

Kuyambira 1964 kufikira nthawi ya matipate ambiri, wailesi ya MBC ku Chichiri ndiyo idali ndi mphamvu zokweza kapena kukwirira nyimbo. Lamulo la 1968 lidakhazikitsanso bungwe lounika zosangalatsa, kotero nyimbo yodzudzula boma sinkamveka. Komabe anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa adali ndi muyeso wawo. M'misika ndi m'malo omwera mowa ankakonda nyimbo zonena za umphawi ndi umasiye. N'chifukwa chake "Ana Osiidwa" ya Allan Namoko, woimba wosaona amene adamwalira mu 1995, ikukumbukikabe. Choncho pondandalika nyimbo zopambana, tiyambire pa zimene anthu wamba adakana kuziiwala.