Mau a ku Cairo m'mafoni athu

Ramadan ikafika, ife a ku Mpima timakangana: timvele Sudais wa ku Makka kapena Alafasy wa ku Kuwait? Ambuye athu analibe cosankha, anali kumvela shehe wa pa mzikiti cabe. Zinthu zinasintha mu 1934, pamene wailesi ya ku Egypt inayamba kuulutsa mau a Muhammad Rifat. Mu 1961 Mahmoud Khalil al-Husary anajambula Qur'an yonse, akuwelenga mosathamanga. Kenako makaseti a Abdul Basit anafalikila maiko ambili. Manje onsewa ali mu foni imodzi. Ngati mukali kuphunzila, yambani na Husary, cifukwa cilembo ciliconse cimamveka. Mukaloweza sura, kaiwelengeni pamaso pa shehe, akuwongoleni musanazolowele colakwa.