Masukulu Akulu a ku America: Ciyambi Cao ndi Madigiri Ao

Dziko la United States of America liri ndi masukulu akulu opatsa madigiri pafupifupi 4,000. Ena ali ndi ophunzira mazana owerengeka okha, ena ali nao oposa 50,000, ngati mzinda wathunthu. Ena ndi a maboma a zigawo, ena a mipingo, ena a mabungwe odziimira pa okha. Boma lalikulu la ku Washington liyendetsa ocepa cabe, monga sukulu ya asilikali ya ku West Point. Mlendo amasokonezeka pakumva kuti sukulu ina ichedwa koleji, inzace yunivesite, koma digiri yoyamba imene zipatsa ndi yofanana. Cisokonezoco cimatha munthu akatsata mbiri, pakuti mtundu uli wonse wa sukulu unabadwa pamene anthu ena anapeza kuti masukulu analipowo sanali kuwalandira, kapena sanali kuphunzitsa nchito imene iwo anaifuna.

Oyamba anali makoleji a mipingo. M'caka ca 1636 Angelezi okhala ku Massachusetts anapangana kumanga koleji, poopa kuti abusa amene anaoloka nao nyanja akadzamwalira, mipingo idzatsala m'manja mwa anthu osaphunzira. Patapita zaka ziwiri mbusa wina wacinyamata, John Harvard, anamwalira nasiyira kolejiyo theka la cuma cace ndi mabuku ngati 400, ndipo inachedwa dzina lace. Oyamba kutsiriza maphunziro, m'caka ca 1642, anali anyamata asanu ndi anai. Koleji ya William and Mary inatsata mu 1693, ya Yale mu 1701, ndipo pamene dziko linadzicotsa mu ulamuliro wa Angelezi mu 1776, makoleji anali asanu ndi anai. Anaphunzitsa Cilatini, Cigiriki, masamu ndi luso la kutsutsana, napatsa digiri ya Bachelor of Arts, potsanzira Oxford ndi Cambridge. Digiriyo lero itenga zaka zinai. Makoleji ang'ono a mtundu uwu alipobe, monga Williams ndi Amherst. Sakonzera munthu nchito imodzi, koma amlowetsa m'maphunziro a mitundu mitundu. Imodzi mwa iwo, Oberlin ya ku Ohio, inayamba kulandira anthu akuda mu 1835, ndipo mu 1841 inapatsa akazi atatu digiri yofanana ndi ya amuna.

Koma mwana wa mlimi kapena wa mmisiri analibe cocita ndi Cilatini. Amene anamnenera anali Justin Morrill wa ku Vermont, mwana wa wosula zitsulo, amene analeka sukulu ali ndi zaka 15 nakagwira nchito m'sitolo. Atalowa m'nyumba ya malamulo analimbikira lamulo limene Pulezidenti Abraham Lincoln analisainira mu 1862, nkhondo ya pa ciweniweni iri mkati. Cigawo ciri conse cinalandira maekala 30,000 a malo pa phungu ali yense amene cinali naye m'nyumba ya malamulo, kuti cigulitse malowo ndi kumangira ndalamazo koleji yophunzitsa ulimi ndi nchito za makina. Malo ambiri otere anali olandidwa kwa mitundu ya eni dziko imene Azungu anaipeza kumeneko, ena ndi nkhondo, ena pa mtengo wocepa ndithu. Mayunivesite akulu a California, Illinois ndi Wisconsin, pamodzi ndi Cornell, anakula ndi thandizo la lamulo limeneli, ndipo digiri ya Bachelor of Science inayamba kuima pambali pa ija ya Arts. Kufikira lero yunivesite ya boma la cigawo ilipiritsa ana a m'cigawomo ndalama zocepa koposa alendo.

Nchito ya migodi inapezanso masukulu ace m'zaka zomwezo. Columbia inatsegula sukulu ya migodi ku New York mu 1864, ndipo Colorado School of Mines inakhazikitsidwa ku Golden mu 1874. Mmodzi wa otsiriza maphunziro ku Columbia mu 1898 anali Alfred Chester Beatty, amene anayamba nchito ku Colorado ndi fosholo m'manja, akulaisha miyala pansi pa mgodi. Patapita zaka ngati makumi atatu, makampani ace ndiwo anatsegula mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, umene unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, ndi wa ku Mufulira.

Anthu akuda anali ndi njira yao yobvuta koposa. M'zigawo zambiri za kummwera, m'masiku a ukapolo, kuphunzitsa kapolo kuwerenga unali mlandu. Masukulu akulu a anthu akuda anayamba kumpoto: Lincoln ku Pennsylvania mu 1854, Wilberforce ku Ohio mu 1856. Ukapolo utatha mu 1865 anacuruka: Fisk mu 1866, Howard mu 1867, Meharry yophunzitsa udokotala mu 1876, Tuskegee mu 1881. Lamulo laciwiri la Morrill, la mu 1890, linauza zigawo kuti zilandire anthu akuda m'makoleji a boma, kapena ziwamangire ao. Zigawo za kummwera zinasankha kuwamangira ao, nizipatsa makolejiwo ndalama zoperewera.

Pakati pa atsogoleri akuda panabuka mtsutso waukulu. Booker T. Washington wa ku Tuskegee, amene anabadwa kapolo, anati mtundu uyambe ndi nchito za manja ndi cuma. Ophunzira ace anaumba okha njerwa namanga nyumba za sukulu. W. E. B. Du Bois, amene anaphunzira ku Fisk nalandira udokotala wa maphunziro ku Harvard mu 1895, anati mtundu wopanda aphunzitsi, maloya ndi olemba ace udzakhala wogwirira ena nchito masiku onse. Tsankho m'masukulu a boma linagonja mocedwa: mu 1962, pamene James Meredith analowa mu yunivesite ya Mississippi, panali cipolowe cimene cinapha anthu awiri, ndipo boma linatumiza asilikali kukamteteza.

M'masukulu a anthu akudawa ndimo Aafirika ambiri anapeza malo. John Chilembwe wa ku Nyasaland anaphunzira ku Lynchburg m'cigawo ca Virginia nabwerera kwao mu 1900. Daniel Malekebu anatsiriza udokotala ku Meharry mu 1917, ndipo Kwame Nkrumah analandira digiri yace yoyamba ku Lincoln mu 1939. Hastings Kamuzu Banda anayambira ku Wilberforce, analandira digiri ku yunivesite ya Chicago mu 1931, natsiriza ku Meharry mu 1937; koma popeza maiko olamulidwa ndi Angelezi anafuna ziphaso za ku Britain, anakaphunziranso ku Edinburgh kufikira 1941.

Ulendo wa Banda uonetsa m'mene madigiri a ku America asanjikizana. Kumeneko wofuna udokotala wa mankhwala kapena uloya ayenera kuyamba watenga digiri ya zaka zinai. Pamenepo aonjeza zaka zinai za udokotala, kapena zitatu za malamulo. Pamwamba pa Bachelor pali Master, ya caka cimodzi kapena ziwiri, ndipo pamwamba penipeni pali Doctor of Philosophy, imene munthu salandira cifukwa ca kuloweza zolemba ena, koma cifukwa ca kufufuza yekha cinthu cosadziwika kale, kawirikawiri zaka zisanu kapena kuposa. Mwambo uwu unacokera ku Germany. Yale inapatsa madigiri atatu oyamba otere mu 1861, ndipo Johns Hopkins, yotsegulidwa ku Baltimore mu 1876, inamangidwa dala kuti aphunzitsi ace akhale ofufuza. Kawirikawiri sukulu yokhala ndi madigiri apamwambawa ndiyo ichedwa yunivesite; komabe dzina silinena zonse, pakuti Dartmouth idzicha koleji ngakhale ipatsa udokotala.

Wotsiriza kubadwa ndi koleji ya zaka ziwiri. Ya ku Joliet m'cigawo ca Illinois inayamba mu 1901 ndi ophunzira asanu ndi mmodzi, pa uphungu wa William Rainey Harper, mkulu wa yunivesite ya Chicago. Makoleji otere anakula kwambiri itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Lamulo la mu 1944 linalipirira maphunziro asilikali obwera ku nkhondo, ndipo oposa mamiliyoni awiri analowa m'makoleji ndi m'mayunivesite. Ambiri a iwo anali ana a anthu a m'mafakitale, m'minda ndi m'migodi. Koleji ya zaka ziwiri iri pafupi ndi kwao kwa wophunzira, ilandira pafupifupi yense wotsiriza sekondale, iphunzitsa ndi madzulo omwe, ndipo ipatsa digiri yochedwa Associate, pa nchito monga unamwino, magetsi ndi makina.

Cochinga cimene catsala ndi ndalama. M'caka ca 2024 mayunivesite ena ochuka osakhala a boma analipiritsa madola oposa 60,000 pa caka, osawerengera cakudya ndi pogona, ngakhale osauka amacepetseredwa. Ndipo ophunzira ambiri atsiriza ali ndi ngongole. Cifukwa cace ambiri amayambira pansi. Cigawo ca California cinalemba mwambo uwu m'malamulo mu 1960: wocita bwino pa koleji ya zaka ziwiri akhale ndi njira yolowera m'yunivesite ya boma pa caka cacitatu. Tsono munthu woweruka ku nchito madzulo akhoza kuyamba ndi Associate, nadzatsiriza ndi Bachelor yofanana ndi ya mnzace amene analowa m'yunivesite kuyambira caka coyamba.