Mbiri ya mankhwala a mafuta a m'magazi: zinayambira pa mpunga wa chuku

Anzanga a m'kalabu, pa msonkhano wathu wa mwezi watha panabuka mtsutso titatha kumvera pulogalamu ya zaumoyo. Alamu anga anaulula kuti anasiya mapiritsi a kolesiterolo amene anawapatsa kuchipatala, ati chifukwa ndi "mankhwala opanga", ndipo tsopano akumwa ufa wa m'botolo wogula pa feira. Ena anawombera m'manja. Ine mtima sunakhale pansi, popeza alamuwo anagonapo kale m'chipatala ndi vuto la mtima. Ndiye ndati ndikulembereni mbiri ya mankhwala amenewa, aliyense adziweruzire yekha.

Kolesiterolo ndi mafuta amene amayenda m'magazi. Ambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ena amachokera ku zakudya. Thupi limawafuna ndithu, koma akachuluka amamatirira m'mitsempha mpaka magazi kusowa podutsa. Mu 1913 dokotala wa ku Russia, Nikolai Anichkov, anadyetsa akalulu mafuta amenewa, ndipo anapeza mitsempha yawo itawonongeka ngati ya munthu wodwala mtima. Panapita zaka zambiri madokotala anzake asanamukhulupirire, ati kalulu si munthu.

Amene anabweretsa mankhwala ndi Akira Endo wa ku Japan, mwana wa mlimi, wobadwa mu 1933. Ali wamng'ono ankakonda za bowa. Atakula nkulowa ntchito pa kampani ya Sankyo, anaganiza kuti mwina pali chuku chimene chimatulutsa mankhwala oletsa kupanga kolesiterolo. Kuyambira 1971 iye ndi anzake anayesa mitundu ya chuku ndi tizilombo tina pafupifupi 6,000. Mu 1973 anapeza mankhwalawo mu chuku chobiriwira chimene chinamera pa mpunga wa m'sitolo ina mumzinda wa Kyoto. Mankhwalawo anawatcha compactin. Ntchito yake ndi kutseka njira imene chiwindi chimapangira mafutawo.

Compactin sanafike pamsika. Koma kampani ya Merck ya ku America inapeza mankhwala ofanana nawo mu chuku china, ndipo mu 1987 boma la kumeneko linawavomereza ndi dzina la lovastatin. Umu ndi mmene linayambira banja la mapiritsi otchedwa statin. Umboni waukulu unabwera mu 1994. M'mayiko a ku Scandinavia anatsata odwala mtima 4,444 kwa zaka zisanu ndi miyezi ingapo, ndipo imfa zinachepa ndi 30 pa 100 pakati pa amene ankamwa simvastatin. Endo anamwalira mu 2024.

Tsono imvani izi. Ku China, kwa zaka mazanamazana, anthu akhala akuvunditsa mpunga ndi chuku chofiira, nkumaugwiritsa ntchito pophika ndi pochiza. Mu 1979 Endo yemweyo anapeza kuti chuku cha mtundu umenewu chimatulutsa mankhwala amene ali chimodzimodzi ndi lovastatin. Ndiye kuti "zachilengedwe" ndi "zakuchipatala" apa ndi mwana mmodzi wa mayina awiri. Kusiyana kwake nkwakuti piritsi lili ndi muyeso wodziwika, pamene m'botolo muyeso umasinthasintha. Mu 2024 ku Japan komweko anthu ambiri anadwala impso atamwa mapiritsi a mpunga wofiira amene analowa poizoni wa chuku china, mpaka katunduyo anachotsedwa m'masitolo. Ndipo wina asati chuku cha m'nkhokwe mwathu ndi mankhwala, ayi. Cha pa chimanga ndi mtedza chimatha kukhala ndi aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi.

Nanga zakudya sizithandiza? Zimathandiza zedi. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2003, ku Toronto, ku Canada, David Jenkins ndi anzake anadyetsa anthu soya, mtedza wa almond, oats, barele, therere lobala, mabiringano ndi majarini wapadera kwa mwezi umodzi. Kolesiterolo woipa anatsika ndi pafupifupi 29 pa 100, pamene kwa omwa lovastatin anatsika ndi 31. Soya ndi therere tili nazo m'minda mwathu muno mu Angónia. Koma kumbukirani kuti kafukufuku ameneyu anali wa anthu 46 okha, chakudya ankachita kupatsidwa, ndipo sanawerenge za imfa. Adyo naye anayesedwa ku Stanford kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2007 zinaonetsa kuti kolesiterolo sanatsike.

Ndinapita nazo zimenezi kwa alamu anga. Ndinati, "Alamu, nyemba idyani, therere idyani, mafuta a nkhumba ndi chipisi muchepetse, fodya musiye, njinga muzipalasa. Koma inu mtima unakugwetsanipo, mapiritsi musasiye musanaonane ndi amene anakulemberani." Anandifunsa kuti, "Nanga ufa wanga uja?" Ndinawauza kuti anyamule botololo akaonetse kuchipatala, ayezetsenso magazi. Avomera kuti apita Lachiwiri, ndipo ndidzawaperekeza ndine.

Amene muli ndi mafunso mubwere nawo pa msonkhano ukubwerawu, tikawatumize ku wailesi kuti a zaumoyo adzatiyankhe.