Thabit, al-Farisi ndi Nambala Zosagawika

Ife amene tinaphunzirapo malamulo a kagawidwe ka chuma cha masiye tikulidziwa liwu lakuti tabayun: nambala ziwiri zomwe palibe nambala ina yoposa 1 yotha kuzigawa zonse ziwiri, monga 4 ndi 9. Kufupi ndi pamenepa pali nambala yomwe Aluya amaitcha 'adad awwal, yomwe sigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 5, 11 ndi 71.

Ku Baghdad, Thabit ibn Qurra, amene anamwalira mu 901, anagwiritsa ntchito nambala zoterezi pofunafuna "nambala zokondana". Mukaphatikiza zonse zogawa 220, kusiya 220 mwiniyo, mupeza 284. Mukachita chimodzimodzi ndi 284, mupeza 220. Tinene poyera kuti Thabit sanali Msilamu, anali Msabi wa ku Harran, koma analemba m'Chiarabu ndipo ankalemekezedwa kunyumba ya Khalifa al-Mu'tadid.

Lamulo lake likhoza kufotokozedwa motere. Yambani ndi 5, muzichulukitsa ndi 2 n'kuwonjezera 1: mupeza 11, 23, 47, 95, 191, 383. Tengani ziwiri zoyandikana, muzichulukitse, kenako muwonjezerepo zonse ziwirizo. Pa 5 ndi 11 mupeza 71. Ngati zitatuzo zili zosagawika, zokondana zapezeka: 4×5×11 ndi 220, ndipo 4×71 ndi 284. Koma pa 11 ndi 23 yachitatu ndi 287. Imaoneka yolimba, chonsecho ndi 7×41, ndiye ntchito yonse yagwa.

Vuto lagona pamenepo. Lamulolo silikuuzani ngati nambala ili yosagawika. Muyenera kufufuza nokha. Kamal al-Din al-Farisi, Allah amuchitire chifundo, yemwe anamwalira cha m'ma 1320, analemba m'buku lake la Tadhkirat al-Ahbab za momwe nambala imaphwanyikira kukhala zosagawika, ndipo kuchokera pa 23, 47 ndi 1,151 anapereka 17,296 ndi 18,416. Fermat wa ku France anadzazipezanso mu 1636, patatha zaka zoposa 300, ndipo kwa nthawi yaitali mabuku a ku Ulaya ankazitchula ndi dzina lake.

Sitepe yotsatira ndiyo imatichititsa chidwi kwambiri. Popeza 95 imagawika ndi 5, tiyenera kulumphira pa 191 ndi 383, ndipo yachitatu ndi 73,727. Kuti munthu atsimikize kuti iyi sigawika, ayenera kuiyesa ndi nambala zosagawika zonse mpaka 271, zomwe zilipo 58. Kungolakwitsa kugawa kumodzi, zotsatira zonse n'zabodza. Muhammad Baqir Yazdi wa ku Iran, m'zaka za m'ma 1600, anafika pa 9,363,584 ndi 9,437,056, zomwenso Descartes anazilengeza mu 1638.

Aphunzitsi a kumadrasa angathe kuwapatsa ophunzira 1,151 kuti aiyese pa bolodi. Ikufunika kugawa ka 11 kokha, kuyambira 2 mpaka 31.