Kugombe la Lago mbiri inabwera pamadzi

Amene anakwerapo chapa kuchoka ku Lichinga kupita ku Metangula akuudziwa msewu uja. Umayambira kumtunda kozizira, kenaka nkumakhotakhota ndi mapiri mpaka nyanja ya Niassa kuonekera pansi, mbee! Alendo ambiri amangojambula pomwepo nkuthamangira kumchenga. Komatu mapiri omwewo ndiwo akufotokoza mbiri ya dera lonseli. Kale anali ngati mpanda, ndiye zambiri zimene zinasintha moyo wa anthu a kugombe zinkafika pamadzi.

Tiyambe ndi zowawa. M'zaka za m'ma 1800 zombo za matanga za Aswahili zinkaolotsa akapolo ndi minyanga ya njovu kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kudzatsitsa tsidya lino, ulendo nkupitirira pansi mpaka ku Kilwa. Nthawi yomweyo Angoni ankatsika m'mapiri kudzafunkha, moti Anyanja anaunjikana m'midzi ya malinga m'mphepete mwenimweni mwa madzi, bwato lili pafupi.

M'midzi ya malinga imeneyi ndi m'mene munkayenda William Percival Johnson, wansembe wa Anglikani, kuyambira mu 1882. Munthuyu anadwala maso mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu, koma sanasiye. Anaona kuti kuno sungalalikire ndi miyendo yokha, choncho mu 1885 mishoni inaika panyanja sitima yotchedwa Charles Janson, dzina la mnzake amene anamwalira m'dera lomweli. Mu 1901 kunabweranso ina yaikulu, Chauncy Maples, yomwe inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthawi imodzi. Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja kuno linatuluka mu 1912, ndipo yambiri mwa ntchitoyo anaigwira ndi Johnson yemweyo. Mishoni ya Messumba, kumpoto pang'ono kwa Metangula, ndi chipatso cha maulendo amenewo. Sukulu yake inaphunzitsa anthu ambiri a m'Niassa, ndipo nkhondo ya ufulu itayamba ena a iwo analowa Frelimo, ena anamangidwa ndi apolisi a PIDE.

Ukaima ku Cóbuè umaona chilumba cha Likoma pafupi penipeni, ndipo mlendo aliyense amafunsa kuti, nanga bwanji chili cha Malawi? Yankho ndi amishoni omwe aja. Anakhazikika pachilumbapo mu 1885, ndiye pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana malire mu 1891, gombe linapita kwa Apwitikizi koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Angerezi. Mabanja amodzimodzi, chilankhulo chimodzi, mbendera ziwiri. Katedralo ya Petro Woyera ya pa Likoma anayamba kuimanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ndi yaitali pafupifupi mamita 100. Amene sanaione aziona ngati tikukokomeza, paja ndani angayembekeze chinyumba chotere pakachilumba ka milambe ndi chinangwa?

Nawo Apwitikizi anadziwa kuti wolamula madzi ndiye walamula gombe. Ku Metangula, komwe iwo ankakutcha Augusto Cardoso, anaikako asilikali a pamadzi ndi maboti ankhondo, amene anachita kubwera nawo pamtunda kuchokera kunyanja ya mchere. Ndipo mu Sepitembala 1964, pamene mfuti zinkalira ku Chai m'Cabo Delgado, kuno ku Niassa ankhondo a Frelimo anathira nkhondo ofesi ya boma ku Cóbuè. Za ku Chai mwana aliyense wa sukulu amaziloweza, za ku Cóbuè sizimveka kwenikweni, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa Niassa timamumana gawo lake. Nkhondo yachiweniweni yomwe inatha mu 1992 inadzaonjezera mabala ena: anthu anathawira ku Likoma ndi ku Tanzania, tchalitchi chachikulu cha Akatolika ku Cóbuè chinatsala makoma okhaokha.

Mu 2011 boma linalengeza mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa, makamaka chifukwa cha nsomba za mitundumitundu zosapezeka kwina kulikonse. Ndi zomwe zimakoka alendo ambiri, pamodzi ndi mchenga wa ku Chuanga ndi ku Meponda. Mamembala a makalabu athu amene mumaperekeza alendowo, musathere kumchenga kokha. Messumba sikutali ndi Chuanga, ndipo kumeneko kukadali agogo okumbukira zaka za m'ma 1960 ndi maso awo. Pitani ndi kope ndi cholembera, zimene akakuuzeni mudzatibweretsere kuwailesi.