Nkhali yachitsulo imene inkasunga khomo la mlimi

M'mafamu akale a ku England, ku Ireland ndi kummwera kwa dziko la America mukupezekabe zimiphika zakuda zachitsulo, zamimba yaikulu, zina za miyendo itatu, zolemera moti munthu mmodzi sanganyamule. Masiku ano eni ake ambiri amadzalamo maluwa. Koma kwa zaka zoposa 200, nkhali yotereyi ndiyo inkachititsa kuti banja la mlimi lidye nyama, lisambe ndi sopo, livale zochapa, mpaka kufika nyengo ina yokolola.

Kusungunula chitsulo mpaka chiyende ngati madzi n'kuchithira m'chikombole ndi luso limene anthu a ku China ankalidziwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Kuno kwathu amisiri a Amaravi anatchuka ndi ng'anjo zawo, ndipo makasu awo ankagulidwa kutali. Chitsulo cha m'ng'anjo chinkatuluka chili chibuma, n'kuchisula ndi nyundo. Sichinkathiridwa m'chikombole. N'chifukwa chake khasu, nkhwangwa ndi mkondo zinali zachitsulo, pamene nkhali, mbiya ndi mtsuko zinakhalabe m'manja mwa amayi oumba dothi.

Ku Ulaya mphika wachitsulo kapena wamkuwa unali wodula, moti makolo ankaulemba m'gulu la chuma chosiyira ana. Zinthu zinasintha ndi Abraham Darby, wa mpingo wa Quaker, yemwe ankagwira ntchito ya mkuwa mumzinda wa Bristol. Mu 1707 boma linamupatsa chikalata cha umwini wa njira yatsopano youmbira miphika yachitsulo m'chikombole cha mchenga wokha, wopanda dongo. Miphikayo inkatuluka yopyapyala, yopepukirako, ndipo inkapangidwa yambiri nthawi yochepa. Mu 1709 anasamukira ku Coalbrookdale, m'chigawo cha Shropshire, kumene anayamba kusungunula miyala ya chitsulo ndi malasha okumba pansi, owotchedwa kaye kuti zonyansa zichoke, m'malo mwa makala a mitengo. Mabuku a mbiri amatamanda mlatho wachitsulo umene mdzukulu wake anamanga pamtsinje wa Severn mu 1779. Ine ndimaona kuti ulemu waukulu ukuyenera mphikawo, pakuti unalowa m'nyumba za amphawi amene sanauone n'komwe mlathowo.

Ntchito yeniyeni ya nkhaliyi inkaonekera pafamu. Kummwera kwa dziko la America, kuzizira kukafika chakumapeto kwa Novembala, mabanja oyandikana ankaitanizana kudzapha nkhumba. Kunalibe firiji, choncho tsikulo linkasankhidwa poona mphepo. M'bandakucha ankasonkha moto pansi pa nkhali, madzi n'kutentha, n'kuthira pa nkhumba kuti ubweya upalike mosavuta. Nyama ankaithira mchere n'kuifutsa ndi utsi. Kenaka mafuta, oduladula tizidutswa, ankalowa mu nkhali yomweyo. Apa ndi pamene pankafunika munthu wamkulu woleza mtima: moto ukhale wochepa, chimthiko chisaleke kutakasa, chifukwa mafuta akapserera ndiye kuti banja lidya zowawa chaka chonse. Chitsulo chochindikala chimatenga nthawi kuti chitenthe, koma chikatentha chimasunga kutenthako nthawi yaitali, ndipo n'chimene ntchito imeneyi inkafuna.

Palibe chimene chinkatayidwa. Mafuta otsala ankawasunga mpaka tsiku lopanga sopo. Phulusa la m'khitchini ankaliunjika m'bokosi lamatabwa, n'kuthira madzi pamwamba, madziwo n'kumadontha pansi, monga momwe agogo athu amachezera chidulo cha therere. Madzi aukaliwo ankawawiritsa pamodzi ndi mafuta mpaka zigwirane. Madzi a phulusa omwewo ankaphikira chimanga kuti makoko achoke, nzeru imene azungu anaphunzira kwa eni nthaka a ku America. Tsiku lochapa, nkhaliyo inkasanduka yowiritsira zovala ndi zofunda. M'madera a zitsime za madzi amchere, monga Syracuse ndi Saltville ku America, ankandandika nkhali zambirimbiri pamoto kuti madzi aphwe, mchere utsale.

Mbiri ya nkhaliyi ili ndi misozi. M'minda ya nzimbe ku Jamaica ndi ku Louisiana, nkhali zinkamangidwa mumzere pang'anjo imodzi, kuyambira yaikulu kutsikira yaing'ono. Madzi a nzimbe ankawasamutsa ndi zipande zazitali kuchoka mu ina kupita mu ina mpaka akhale manyuchi oyandikira kuuma. Ogwira ntchitoyo anali akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo, usana ndi usiku nyengo yonse yofinya nzimbe, ndipo ambiri anapsa manja ndi miyendo. Norbert Rillieux, munthu wakuda wobadwa mfulu ku New Orleans mu 1806, ndiye anapanga makina ophikira shuga ndi nthunzi m'matanki otsekeka. Analandira chikalata cha umwini wake mu 1846, ndipo pang'onopang'ono nkhali zotsegula zija zinayamba kusiyidwa.

Zaka zomwezo, nkhali yomweyi inapulumutsa anthu ku Ireland. Chiwawu chinagwira mbatatesi mu 1845, njala inakula, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa. A mpingo wa Quaker anatsegula malo ophikira msuzi, ndipo banja la Darby linatumiza nkhali zaulere kuchokera ku Coalbrookdale. Boma litatengera njira yomweyo mu 1847, panali nthawi imene anthu pafupifupi 3 miliyoni ankalandira chakudya tsiku lililonse. Wina aliyense amene anamva akuluakulu akusimba za njala ya 1949 kuno kwathu akudziwa kuti mzere wa anthu ogwira mbale ndi chinthu chotani.

Kummwera kwa Africa nkhaliyi sinafe. Mabunu amene anachoka ku Cape m'zaka za m'ma 1830 ankaimangirira kungolo zawo za ng'ombe, popeza mphika wa miyendo itatu sufuna mafuwa. Azulu, Axhosa, Abasotho ndi Atswana anaulandira n'kuupanga wawo, moti lero ukwati kapena maliro a kumudzi sayenda popanda mzere wa miphika yakudayi. Ku Botswana nyama yosinja ya seswaa amaiphikira momwemo. Dzina la Falkirk, limene limadindidwa pa miphika yambiri ya ku South Africa, ndi la tauni ya ku Scotland imene inatchuka ndi mafakitale osungunula chitsulo. Abale athu amene anapita ku Theba ndi ku Halale anadyapo za m'miphika imeneyi.

Ku America ndi ku Ulaya, magetsi atafika kumidzi, firiji, makina ochapira ndi sopo wa m'sitolo zinailanda ntchito nkhaliyi. Nkhali zambiri zinagulitsidwa ngati zitsulo zakutha, zina anaziboola pansi kuti madzi a maluwa azituluka.

Ngati pakhomo panu pali nkhali yotere, yosiyidwa ndi agogo, musaipereke kwa ogula zitsulo pasikelo. Itsukeni, iumitseni pamoto, muipake mafuta ophikira kuti dzimbiri lisagwire. Musaigwetse pamwala, ndipo ikatentha musathiremo madzi ozizira, chifukwa chitsulo cha m'chikombole chimang'aluka ndipo kuchiwotcherera n'kovuta. Mufunsenso akuluakulu amene akadali moyo kuti inabwera ndi ndani, ndipo inachokera kuti.