Mkulu wa Nkhondo Amene Anagulitsa Mowa ku Edinburgh

Mu Okutobala 1944, asilikali a ku Poland anamasula mzinda wa Breda ku Netherlands. Mtsogoleri wawo, Stanisław Maczek, anapirikitsa Ajeremani popanda kuusandutsa bwinja mzindawo, ndipo eni ake sanaiwale.

Koma nkhondo itatha, njira yobwerera kwawo inatsekeka. Mu 1946 boma lachikomyunizimu la Poland linamulanda unzika, nalonso la Britain linam'mana penshoni ya usilikali. Munthu amene anatsogolera asilikali zikwizikwi pankhondo ya ku Falaise anakhazikika ku Edinburgh, nayamba ntchito yogulitsa mowa m'hotela. Ine ndimamulemekeza koposa pa zaka zimenezi. Asilikali ake akale, nawonso osowa kobwerera, ankapita kukamuona kumeneko, ndipo akuti ankayamba aimirira njo, mwausilikali, asanaitanitse chakumwa. Kwa anthu obalalikawo, iye anali ngati mkulu wa pamudzi.

Anamwalira mu 1994 ali ndi zaka 102, ndipo anaikidwa ku Breda, pakati pa manda a asilikali ake. Chipilala chomukumbukira ku Edinburgh chinadzaimikidwa mu 2018.